Nthutumba ya Malemu, Msana Wanga

Mukadzandiona pa msika wa ku Lifidzi ndikuyenda chowerama ngati munthu wotaya singano, musadzandifunse kuti madala mwatani, chifukwa ndidzakunamizani. Ena ndinawauza kuti ndinagwa pa ngolo. Ena ndinawauza kuti ndinasenza ndekha thumba la nyemba (awa ndi amene anaseka kwambiri, poti amandidziwa). Zoona zake n'zakuti msana uwu anaupinda ndi munthu wakufa, munthu amene sanandikhudzepo ndi chala chomwe, ndipo anapita kumanda dzina langa asakulidziwa.

Munthuyo ndi Kamvuluvulu, woimba uja wa gitara yamagetsi. Nyimbo zake ndi zija amati roke, zimene gitara imalira ngati nkhumba yopanika mumpanda. Tsitsi linali lofika m'mapewa, buluku lothina ngati anabadwira momwemo. Ine ndinkamutcha Chitsitsi. Akazi anga, a Nangozo, ankamutcha "wathu uja", ndipo matenda anga onse anayambira pa mawu awiri amenewa.

Tinayamba kumumva tili kothawa nkhondo ku Malawi, m'tinyumba taudzu cha ku Dedza. Kaseti inali imodzi msasa wonse, inkayenda khomo ndi khomo ngati sefa ya ufa. Munali nyimbo ina yonena za munthu amene pothawa anakhoma nyumba yake bwinobwino, mfungulo akadali nayo m'thumba, koma chitseko kulibe, chinapsa. Nyimbo imeneyo ikayamba, a Nangozo ankasiya chilichonse chimene agwira. Mfungulo ya nyumba yathu yoyamba anali ataimangirira ku nsonga ya kapulana, chitenje chawo chija, ndipo mpaka lero ili m'bokosi mwawo. Zimenezo sindinkaletsa. Chimene chinkandiwawa n'chakuti ine ndikamaimba powaza nkhuni ankati, "Bambo a Rozina, mudzutsa mwana," koma Chitsitsi akamakuwa mu radiyo ankati mwana yemweyo azolowere.

Titabwerera kwathu nkhondo itatha, munthu uja anadzaimba ku Ulongwe. Ine wopusa ndinawakweza a Nangozo pa njinga, n'kupalasa zitunda zonse zija, kukawapereka ndekha kwa mdani. Pakati pa nyimbo anatembenuza gitara n'kulozetsa khosi lake ku gulu. A Nangozo mpaka lero amalumbira kuti analoza iwo. Ine ndinaona bwino: analoza munthu wogulitsa nzimbe amene anaima kumbuyo kwathu. Tsiku limenelo anthu onse ankavina, ine ndekha ndinaima ngati mtengo wa mpanda, maso pa iye, osaphethira. Ndinaona mmene ankapukusira mutu, mmene ankalumira mlomo wapansi, mmene ankazungulirira pa chidendene chimodzi, ndi mmene pomaliza ankagwadira n'kupindikira chagada mpaka tsitsi kusesa pansi. Munthu amene ukumukonda sumuyang'anitsitsa ngati amene ukumuchitira nsanje. Mawu amenewa muwasunge, tiwapeza kutsogoloku.

Chaka chatha, nthawi yokumba kachewere, tinali kudimba awiriwiri, radiyo titaipachika pa mtengo wa pichesi. Mwadzidzidzi a Nangozo anataya khasu n'kukhala pansi pakati pa mizere, manja kumutu. Ine ndinathamanga ndi chibonga poyesa njoka.

"Yakulumani pati?"

"Wapita," anatero. "Wathu uja wapita."

Ndinayamba kuwerenga abale m'mutu: achimwene awo a ku Fonte Boa, mwana wathu wa ku Tete, azakhali odwaladwala aja. Kenako radiyo inayamba nyimbo ya mfungulo, ndipo ndinadziwa. Ndisaname, mumtima mwanga munadutsa kamphepo kayaziyazi (Ambuye andikhululukire, padiri ndinamuuza kale). Ndinati basi, tsopano pakhomo patsala tambala mmodzi.

Ndinaganiza molakwa. Munthu wamoyo ungathe kupikisana naye, poti amakalamba, amachita dazi, amatsokomola. Wakufa sakalambanso.

Tisanafike n'kunyumba komwe, a Nangozo anali atalira kokwana maliro awiri. Atalowa m'nyumba anatsegula bokosi n'kutulutsa kapulana yakuda, yatsopano, yosachapapo. Kapulana imeneyo ndinkaidziwa. Sanandiuzepo, koma munthu wamkulu umadziwa: ankasungira ine. Anaivala pamaso panga, ine mwini wake ndili moyo, ndikutsuka matope kumapazi.

Apa ndikumbutse kuti chaka china ndinadwala chibayo mpaka anthu anayamba kunong'onezana kuseri kwa nkhokwe. A Nangozo sanagwetse msozi ndi umodzi womwe. Ankangoti, "Imwani phala, musandivutitse." Lero munthu wa pa kaseti, misozi yodzaza ndowa.

M'mawa mwake anzawo anayamba kubwera ngati pali zovuta zenizeni. Patsogolo a Filomena, mkulu wa kwaya ya kutchalitchi kwathu, mayi amene akayamba kulira agalu a mudzi wina amayankha. Anakhala pakhonde atazungulira telefoni, nyimbo zikusinthana, uyu akusisima, uyu akupukuta mamina. Chikuto cha kaseti yakale ija, chokhala ndi nkhope ya Chitsitsi, anachiimika pa tebulo n'kuyatsa kandulo patsogolo pake. A Nangozo anagwira nkhuku ya alendo. Ine ndinati chabwino, maliro a eni akhale a eni, bola ndiwo.

Mbale itabwera ndinafufuza. Ndinatembenuza mwendo, ndinatembenuza phiko, ndinakokera msuzi mbali imodzi. Nthutumba panalibe.

Kwa ana a masiku ano amene amadya nkhuku za m'mapepala, ndifotokoze. Nthutumba ndi ya mwini khomo. Nkhuku yonse mutha kugawana, koma kanthu kameneka kakasowa m'mbale ya bambo, nkhani imakafika kwa ankhoswe. Chikwatirane ife, pa njala, pa nkhondo, ngakhale titayambana, nthutumba sinaphonyepo mbale yanga.

"A Nangozo, nkhuku iyi inabadwa yopanda nthutumba?"

Analoza ndi milomo. Nditatembenuka ndinaiona ili pa kambale kamaluwa, kaja timatulutsa akabwera padiri, patsogolo pa chikuto cha kaseti.

"Kodi chithunzi chimadya?"

"Sichidya. Ndi ulemu chabe."

"Nanga ikakhalitsa pamenepo adya ndani?"

"Bambo a Rozina, anthu ali pa chisoni, inu muli pa nthutumba?"

Anadya ndi mphaka. Ndinamuona ndi maso angawa akutsika pa tebulo, akunyambita ndevu mosafulumira. Pakhomo panga ndekha ndinakhala wachitatu: woyamba wakufa, wachiwiri mphaka. Ndinaganizako zopita kwa ankhoswe, koma ndikanakayamba bwanji? Kuti akazi anga akundizembera ndi chikuto cha kaseti?

Tsopano pali a Zuze, kumpare wanga, poti ndi amene anamuimira Rozina pa ubatizo. Ali ndi baraka m'mbali mwa msewu, pogulitsa sopo, mchere ndi zakumwa, ndipo ali ndi jeradori ya magetsi ndi zimkuzamawu ziwiri zazikulu ngati migolo. A Zuze anati popeza kumzinda kumene akaikidwe munthu uja n'kutali, palibe wa kuno angafikeko, ife tipange maliro athuathu Loweruka masana pabwalo la baraka. Mtembo palibe, koma nyimbo zilipo.

Nditamva izi mutu wanga unagwira ntchito, ndipo ukagwira ntchito mutu umenewu, thupi ndi limene limalipira.

Ine ndine mdzukulu, osati wa pamwendo koma wa kumanda. Kukumba ndinasiya, mphamvu zinatha, koma ntchito ina ndikadali nayo. Kwathu kuno, mwambo ukatha, mdzukulu amavala chipewa kapena malaya a malemu n'kuyamba kuwatsanzira, mayendedwe, malankhulidwe, ngakhale kuumira kwawo, mpaka anamfedwa aseke misozi ikadali m'masaya. Palibe amakwiya, ndi mankhwala a mtima. Pa ntchito imeneyi, kuchokera ku Lifidzi mpaka ku Fonte Boa, sindinapezepo wondiposa. Ndinatsanzirapo mkulu wina amene ankabisa fodya m'sokosi, mkazi wake wamasiye anaseka mpaka anamutulutsa panja kuti akapume.

Ndinapita ku baraka.

"Kumpare, maliro opanda mdzukulu ndi msonkhano chabe."

A Zuze anandiyang'ana chammbali. "Inuyo? Si paja mumati amaimba ngati nkhumba?"

"Imfa imafafaniza zonse, kumpare."

"Koma musakachite mwano. Kukubwera anthu osweka mitima."

"Ine mwano? Munandionapo?"

"N'chifukwa chake ndikunena."

Cholinga changa chinali chimodzi. Ndinkafuna a Nangozo aseke. Aone ndi maso awo kuti chinthu chimene akhala akuchiimikira mtima zaka zonsezi ndi tsitsi, phokoso ndi buluku lothina, zoti nkhalamba iliyonse ingathe kuchita. Munthu ukamuseka kamodzi, sumuikiranso nthutumba.

Ndinakonzekera kuseri kwa khola la mbuzi. Ndinapala khonje, ndinalipesa, ndinalidetsa ndi makala osinja osakaniza ndi mafuta, mpaka linatuluka tsitsi loti mfiti ingakupatse moni. Gitara ndinasema pa thabwa n'kukokapo mawaya a njinga. Kazako, jekete lija lachikopa, ndinalibe, ndiye ndinadula pakati jasi yanga yamvula yakuda. Buluku ndinabwereka kwa mkamwini, mwamuna wa Rozina, munthu woonda ngati bango; ndinamuuza kuti ndikufuna kukaonetsa telala (ananditsanzika ndi maso odandaula). Kuti ndilowemo ndinachita kugona chagada n'kusiya kupuma.

Poyeserera ndinaona vuto. Ndikapukusa mutu, tsitsi linkauluka n'kukagwera m'khola. Ndinayesa kumanga ndi luzi, linkaonekera. Ndiye ndinakumbuka ulimbo, uja tinkaterera mbalame tili anyamata. Ndinati pang'ono chabe, m'mbali mwa mutu. Pang'ono sipanagwire. Ndinaonjezera. Kenako ndinapukusa mutu ngati ng'ombe yoingitsa ntchentche, tsitsi osasuntha. Mbuzi zonse zinasiya kubzikula n'kumandiyang'ana. Mbuzi sizinaseke. Ndikanakhala wanzeru ndikanaphunzirapo kanthu.

Loweruka ndinabisala kuseri kwa baraka n'kumasuzumira pa mng'alu wa mpanda. Anthu anabwera, abale anga. Njinga zamoto zochokera ku Ulongwe, ma profesoro a kusukulu ovala mataye, amayi a pamsika, anyamata onyamula magitara a zigubu amene ankati aliyense woimba m'dera lino anayamba ndi kuba zala za Kamvuluvulu. Pa benchi imodzi ndinaona nkhalamba ziwiri zimene pa nkhondo zinali uyu mbali iyi, uyu mbali inayo, zikubwerekana mpango wopukutira m'maso. Pa maliro a bambo anga sipanabwere ngakhale theka la anthu amenewa, chonsecho chitsime chimene amamwa onsewa anakumba ndi iwo. Ine ndikadzafa kudzabwera angati? Ndinayamba kuwerenga pa zala, ndinasiyira panjira poona kuti dzanja lachiwiri silifunika.

A Nangozo anakhala kutsogolo, m'kapulana yanga yakuda.

Anthu atalankhula, atalira, atayatsa makandulo dzuwa likuswa mtengo, a Zuze anakweza mawu a nyimbo n'kundikodola. Ndinatuluka ndi kulumpha kumodzi, gitara pamimba, tsitsi kumaso.

Ndinkayembekeza phwete. Panali zii.

Ndinati mwina sanaone bwino. Ndinapukusa mutu. Ndinaluma mlomo wapansi mpaka kumva kukoma kwa magazi. Ndinazungulira pa chidendene, dziko linazungulira nane. Nditaima ndinamva mawu a Filomena, osati kuseka, koma kulira kuja kodzutsa agalu. "Ndi yemweyo, amayi inu. Ndi yemweyo."

Ndinaonjezera moto. Ndinatukula mwendo ngati galu pa chitsa. Ndinatong'ola maso. Ndinakanda mawaya ngati ndili ndi mphere. Chilichonse chopusa chimene ndinachita, anthu ankangogwedeza mitu n'kumati, "Ankatero, ankaterodi." Apa ndi pamene ndinazindikira vuto la munthu ameneyu: sungamuonjezere. Mwini wake anali woonjezera kale. Anthu amene ndakhala ndikuwatsanzira pa maliro anali anthu wamba, ukakokera pang'ono zimaseketsa. Uyu ukakokera, umangofika pamene iye ankayambira. Ndipo maso anga ansanje a tsiku lija ku Ulongwe anali atajambula zonse, osasiyako ndi kamodzi komwe.

Ndinati chabwino, nditulutse chida chachikulu. Kumbuyo kwa gulu kunali bulu wa munthu wina atamangidwa pa mtengo. Ndinati ndilozetse khosi la gitara kwa bulu ameneyo, a Nangozo aone mmene kuloza kwa oimba kumakhalira. Ndinatembenuza thabwa langa, ndinalunjika bwinobwino. Koma pakati pa ine ndi bulu panali a Nangozo.

Anaimirira pang'onopang'ono, manja onse pa chifuwa. Anandiyang'ana. Maso amenewo sindinawaonepo chikwatirane, ngakhale tsiku la ukwati sanafike pamenepo (tsikulo ankayang'ana kwambiri nsapato zanga zobwereka). Kwa kanthawi mawondo anga anaiwala zaka zawo. Kenako chinthu chinandibaya pansi pa nthiti: maso anali pa ine, koma sanali anga. Ndinali ndikuchitira nsanje munthu amene waima mu buluku limodzi ndi ine.

Nyimbo inasintha, inabwera ya mfungulo. Apa sindidziwa chimene chinachitika. Ine ndinkayenera kumangoyasamula ngati nsomba, koma ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu, onse, osaphonya ndi limodzi lomwe. Ndinawaphunzira liti? Ine amene ndinkatuluka panja ikayamba? Ndipo ndikuimba choncho ndinaona chitseko chathu chija, chimene ndinasema ndekha tisanathawe, chimene a Nangozo ankati n'chopendama koma ankachipaka mafuta. M'maso munayamba kuyabwa (makala a m'khonje aja, mwina).

Ndinati ayi, mdzukulu salira pa ntchito, ndipo mdzukulu salirira mdani. Pamafunika chinthu choti anthu aseke msanga ndisanachite manyazi. Chinatsala chimodzi: kugwada kuja n'kupindikira chagada. Nkhalamba ya msinkhu wanga ikayesa zimenezo, ndani angapirire osaseka? Kuseri kwa khola sindinayesereko, ndinkati ndikaonera komweko.

Mawondo anafika pansi bwinobwino. Ndinayamba kupita chagada. Ndinaona denga la baraka, ndinaona mitambo, ndinaona mtengo wa kumbuyo kwanga utaima chadodolido. Tsitsi litangokhudza fumbi, m'chiuno munalira thwa, ngati munthu wathyola phesi louma.

Ndinakuwa. Kukuwa kwenikweni, kochokera ku mchombo. Tsoka lake, pamalo amenewo a nyimbo, Chitsitsi nayenso ankakuwa. Gulu lonse linaimirira. Ena ankaomba m'manja, ena ankalira, anyamata a magitara a zigubu anagwada pansi. Ine ndili chipindikire ngati uta, kutsogolo osatheka, kumbuyo osatheka, buluku likundidula pakati.

"Ndidzutseni," ndinatero. Zimkuzamawu zinameza mawu anga.

Ndinatukula dzanja kukodola a Zuze. A Zuze anandikwezera chala chachikulu. Nyimbo itatha, poona kuti sindikudzuka, anati mdzukulu akufuna ibwerezedwe, n'kuiyambitsanso. Ndinamva a profesoro ena akuuza anzawo kuti, "Taonani kupirira kwake, achinyamata aphunzirepo." Ntchentche inatera pa mphuno yanga n'kukhazikika. Thukuta linasungunula makala, linayamba kutsikira m'maso ndi m'makutu. Ndinapemphera kwa oyera onse amene ndimawadziwa maina, ndipo amene anandiyankha ndi jeradori. Inatsokomola kawiri, mafuta anatha, inazima.

M'chete mmenemo munamveka mawu amodzi okha, aang'ono ngati a mwana wa mbuzi.

"Kumpare, msana."

Phwete limene ndinalifuna tsiku lonse linabwera pamenepo. Linayambira kumbuyo, linafika kutsogolo, nkhalamba ziwiri za pa benchi zija zinagwirana kuti zisagwe. A Filomena anaseka ndi mawu omwe aja amalirira. Koma palibe amene ankaseka Kamvuluvulu. Iye anatuluka pamenepo ali wamkulu kuposa mmene analowera. Ankaseka ine.

Kundiwongola kunakanika, ndikakhudzidwa ndinkakuwa. Machira panalibe. A Zuze anazula chitseko cha baraka, anandigoneka chammbali ndili chipindikire, ndipo adzukulu anzanga anandinyamula pamapewa kupita nane ku chipatala chaching'ono cha kwathuko. Nditacheuka ndinaona a Zuze ataima pakhomo pa baraka yawo, mfungulo ili m'manja, chitseko kulibe. Ndikanaseka, koma nthiti zinakana.

M'njira anzanga aja sanataye mwambo. Poti anyamula munthu pa chitseko, anati ntchito ndi ntchito, anayamba kunditsanzira ndili moyo. Wina ankayenda patsogolo atapindika, akulira kuti, "Kumpare, msana." Wina ankafufuza m'chipewa chake n'kumafunsa anthu odutsa ngati nkhuku yawo inabadwa ndi nthutumba (nkhani imeneyi anaitulutsa panja ndi a Filomena, sindidzawakhululukira). Aka kanali koyamba kuona ntchito yanga kuchokera kumbali ya mtembo. Siikoma kwenikweni.

Ku chipatala enfermeyiro, namwino wake, mtsikana waulemu wake, anandibaya jakisoni, koma kuti apeze pobaya anachita kudula buluku la mkamwini ndi sizasi kuyambira kumwendo mpaka m'chiuno. Kenako anati, "Agogo, tichotse chipewachi."

Anakoka. Mutu unatsatira.

"Mwamata ndi chiyani?"

"Ulimbo pang'ono."

Anatuluka panja kaye. Ndinamumva akutsokomola nthawi yaitali. Atabwerera anali ndi lumo. Anandimeta mpala, imvi zanga zonse zinapita pamodzi ndi khonje.

Inu mukudziwa amene amameta pa maliro: mwana, mbale, mkazi wamasiye. Anthu onse aja analira, ena anavala zakuda, ena anayatsa makandulo. Koma mu Angonia monse muno, munthu mmodzi yekha ndi amene anameta maliro a Kamvuluvulu. Ndine.

Masiku otsatira ndinagona chafufumimba pa mphasa, a Nangozo akundithowa msana ndi kansalu ka madzi otentha. Manja awo ndi abwino, ndisawanamizire. Koma ankathowa akung'ung'udza nyimbo ya mfungulo.

"Mawu onse aja munawadziwa bwanji?" anandifunsa.

"Phokoso limalowa lokha m'khutu."

"Nanga misozi ija?"

"Ya msana."

"Msana unathyoka pambuyo. Misozi inayamba kale. Ndinali kutsogolo ine."

Ndinayang'ana nyerere ikudutsa pa mphasa. Kenako ndinati ndifunse chimene chinkandidya chiyambire ku dimba kuja.

"A Nangozo, ine ndikadzafa mudzalira ngati mmene munalirira muja?"

"Gonani bwino, mukugwetsa nsalu."

"Ndikufunsa."

Anafinya kansalu m'beseni. "Uja sindinamuchapirepo, sindinamuphikirepo phala, sanandilizirepo mkonono. Munthu wotero kumulira n'kosavuta. Inu mukadzafa ndidzaipeza kuti nthawi yolira? Nkhuni, madzi, alendo, abale anu kukanganirana njinga. Ndidzalira anthu atapita, ndikadzaona kuti palibe wondifunsa za nthutumba."

Mtima unatsika pang'ono. Ndinati apa ndiye mawu.

"Ndipo musayerekeze kufa msanga," anapitiriza.

Mtima unatsikiratu. Ndinamva kutentha kokoma kuyambira pa msana mpaka pa mpala. Ndikanangokhala chete pamenepo, ndikanagona ngati mfumu. Koma pakamwa panga sipadziwa polekezera.

"Chifukwa chiyani?"

"Mukafa inu ndiye kuti wathu uja wafa kawiri."

Lamulungu loyamba nditayamba kukhala tsonga, anapha nkhuku. Anabwera ndi mbale n'kuika patsogolo panga. Nthutumba inali pamwamba penipeni, yonona, pa kambale kamaluwa kaja. Pambali pake anaika chinthu china: tsitsi la khonje. Anali atakalitola ku chipatala, atalichapa, atalipesa, atasokerera kansalu mkati kuti lisafunenso ulimbo. Imvi zanga zina zikadali momwemo.

"Valani kaye."

"A Nangozo, ine ndine bambo wa pakhomo pano. Nthutumba ndi yanga ndi tsitsi kapena popanda tsitsi."

"Ndi yanu, palibe akukana. Valani kaye, pang'ono chabe. Mutu musapukuse, msana usabwerere."

Ndinayang'ana iwo, ndinayang'ana nthutumba. Pansi pa tebulo mphaka anali atakhala kale, mchira ukugunda pansi, akudikira kuti mwamuna aonetse ulemerero wake.

Ndinavala.

Mkamwini mpaka lero amandipatsa moni ndi dzanja lozizira. Pa maliro akandiitana kukatsanzira ndimayamba ndafunsa ngati malemu ankagwada. Ana akandiona pa msewu amapindikira chagada. Mukandifunsa chimene ndinaphunzirapo, ndinena kuti osalimbana ndi wakufa, alibe msana woti n'kuthyoka. Koma nsanje sinathe, yangosamuka. Kale inali pa tebulo, pa chikuto cha kaseti. Tsopano imapachikidwa pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo nkhuku ikalira kukhitchini tsitsi lija ndimakalitenga ndekha. A Nangozo amakhala moyang'anana nane ndi maso aja, ine ndimatafuna pang'onopang'ono. Nthutumba imatsikira m'mimba mwanga, zimenezo n'zoona. Koma amene akupatsidwa, mpaka lero sindifunsa.